Ma handguard a njinga yamoto yoyenda pa tala ndi m'fumbi momwe: ogula ati, nanga kumanga kwake?

Achimwene ena amene amagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi m'boma la Dedza anditumizira imelo. Amayendera njinga yamoto ya Honda XR150L, ndipo akuti liva ya kilatchi yawathyokera kawiri dzinja lapitali, ulendo wachiwiriwo ali kutali ndi msewu wa tala. Akudandaulanso kuti m'mawa wa mu June zala zimachita kuuma ndi chisanu mpaka kulephera kufinya buleki bwinobwino. Aona ma handguard (zotchinga manja ndi maliva zomangidwa pa handulo) apulasitiki otsika mtengo pamsika, aonanso pa intaneti ena okhala ndi chitsulo mkati. Funso lawo ndi lakuti agule ati, komanso ngati angathe kumanga okha.

Achimwene, kumanga mungamange nokha, musade nkhawa. Koma mavuto mwatchulawo ndi awiri, ndipo chimene chimathetsa limodzi sichithetsa linzake. Chisanu, mvula, timiyala tothawa kumateyala a lole, minga ya mthethe ndi tsekera wokwapula zala m'tinjira ta kumunda, zonsezi pulasitiki imatchinga. Liva imathyoka pa chifukwa china: njinga ikagwa, nsonga ya handulo ndi liva ndizo zimayamba kufika pansi, kulemera konse kwa njinga kuli pamwamba pake. Maliva ambiri ndi a aluminiyamu wothira m'chikombole, amene sachedwa kuduka m'malo mopindika. Kudalira pulasitiki yokha pa nthawi ngati imeneyo kuli ngati kutchinga ng'ombe ndi mpanda wa mapesi.

Ma handguard alipo a mitundu iwiri. Oyamba ndi otseguka kunsonga, amene amangogwira mbali imodzi, pa handulo kapena pa bawuti ya liva. Amenewa ndi a anthu a motocross, mpikisano wothamangitsa njinga zamoto m'dothi, amene chowavuta chachikulu ndi dothi ndi miyala youluka kuchokera kwa amene ali kutsogolo. Ambiri mwa amene mwaona pamsikawo ndi a mtundu umenewu. Achiwiri ali ndi msana wa aluminiyamu umene umachokera kunsonga kwa handulo, n'kuzungulira kutsogolo kwa dzanja ndi liva, n'kukagwiranso handulo mkati ndi kilampu. Pulasitiki imamangidwa pamwamba pa msanawo ndi timasikuluu, ndipo ikasweka mumangosintha iyo yokha. Kwa inu amene mumagwa m'matope a katondo muli nokhanokha, mudzi wa makaniko uli kutali, gulani a msana wa aluminiyamu. Pamenepa sindikukayika konse. Si pachabe kuti Yamaha AG200, njinga imene inapangidwira ntchito za m'mafamu ndipo yayenda kwambiri m'midzi mwathu muno, imabwera kale ndi zitsulo zotchinga maliva kuchokera kufakitale.

Chenjerani ndi ena amene amaoneka ngati ozungulira mpaka kunsonga koma msana wake ndi wa pulasitiki yokhayokha. Agwireni ndi manja awiri muyese kupinda. Ngati akugonja m'manja mwanu, pansi sakalimba.

Mudzamva anthu akunena kuti ma handguard otseka kunsonga amathyola mkono, poti munthu akaponyedwa kutsogolo kudumpha handulo dzanja likhoza kukodwa mkati. Nkhawa imeneyi si yabodza, ndipo ndi chifukwa chake okwera motocross ambiri, amene amadumpha m'mwamba, amakonda otseguka aja. Kugwa kwa inu ndi ine n'kwina: teyala lakutsogolo limaterera pa matope kapena kuzama mumchenga, njinga n'kugona chammbali pa liwiro lochepa. Pa kugwa kotereku msana uja umapulumutsa liva ndi zala zomwe. Chofunika ndi kuumanga mopendekera pansi pang'ono, motsatana ndi liva, osati kuuloza kumwamba, kuti pamwamba pa dzanja pakhale potseguka.

Mayina odziwika ndi Barkbusters ya ku Australia, Acerbis ya ku Italy, Cycra ya ku America ndi Zeta ya ku Japan. Ngati muli ndi m'bale ku Johannesburg, masitolo a njinga zamoto kumeneko amakhala nawo, ndipo ndi katundu wopepuka woti akhoza kubwera pa basi. Alipo otengera amene amatsika mtengo kwambiri. Ena mwa iwo msana wake umakhala wabwino ndithu, koma mabawuti ndi tizitsulo ta kunsonga ndi tofewa. Mukagula otere, pitani ku hadiweya mukagule mabawuti olimba, olembedwa 8.8 pamutu. Dzina lisakudyereni maganizo kuposa muyeso, chifukwa handguard yokwera mtengo imene sikugwirizana ndi handulo yanu ndi ndalama zotaya.

Tsono musanatumize ndalama kwa aliyense, yezani zinthu ziwiri.

Choyamba ndi kunenepa kwa handulo pamalo pamene kilampu yamkati idzagwire, kufupi ndi pamene handulo imakhota. Mahandulo alipo a mamilimita 22 ndi a mamilimita 28.6. Onenepawo amachepa pang'onopang'ono mpaka kufika 22 kogwirira manja, choncho kuyeza pa labala wogwirira kungakunamizeni. Ngati mulibe choyezera cha amakaniko, dulani kapepala kakatali, kakulungeni pa handulo, lembani pamene kakumana, ndipo muyeze ndi lula. Pafupifupi masentimita 7 ndiye kuti handulo ndi ya 22, pafupifupi masentimita 9 ndiye ya 28.6. Njinga zing'onozing'ono ngati yanuyo zimabwera ndi handulo ya chitsulo ya 22, koma yezanibe, makamaka ngati munagula njingayo kwa munthu. Mwina anasinthapo kale.

Chachiwiri ndi chimene ambiri amaiwala: bowo la mkati kunsonga kwa handulo. Msana uja umagwira kunsonga ndi kachitsulo kamene kamalowa m'bowomo n'kufufuma mukamamanga bawuti. Handulo ya chitsulo imakhala yopyapyala khoma, bowo lake limakhala cha m'ma 17 mpaka 19 mamilimita. Ya aluminiyamu imakhala yochindikala, bowo lake cha m'ma 13 kapena 14. Mapaketi abwino amabwera ndi tizitsulo ta miyeso yonse iwiri, koma funsani wogulitsa musanalipire. Unikaninso mkatimo ndi tochi ya foni. Mahandulo ena ali ndi chitsulo cholemera chimene anaikamo kuti chichepetse kunjenjemera, ena ali ndi mazinga owotchereramo kale, ndipo otere amafuna bawuti yolowa m'mazingamo, osati kachitsulo kofufuma. Mukapezamo dzimbiri, palani ndi sandipepa wokulunga pa kamtengo kuti kachitsuloko kakagwire pa chitsulo choyera.

Za pulasitiki, poti Dedza ndi Dedza, sankhani yaikulu yotchinga mpaka pamwamba pa zala. Imachepetsa mphepo yowomba molunjika, ndipo magolovesi sanyowa msanga mvula ikamawaza. Koma siitenthetsa. Magolovesi abwino muwafunabe mu June ndi July.

Zida zake si zambiri: ma Allen key (tizitsulo topindika tomangira mabawuti obooka pamutu), makamaka a 5 ndi 6, sipanala ya 8 ndi ya 10, mpeni wakuthwa, sowo yodulira zitsulo, fayilo, ndi kabotolo ka mankhwala ogwiritsa mazinga a mtundu wa buluu, monga Loctite 243. Ofiira asiyeni, chifukwa pomasula amafuna kutenthetsa ndi moto.

Yambani kumanzere, kumene n'kosavuta. Dulani nsonga ya labala wogwirira kuti bowo la handulo lionekere. Kumanja ndiko kofunika mtima wodekha, ndipo ndikupemphani kuti ndime iyi muiwerenge kawiri. Pansi pa labala wa kumanja pali paipi ya pulasitiki ya throttle, imene mumapotokola popatsa moto, ndipo pa njinga zambiri imakhala yotseka kunsonga. Musaiboole ili pa handulo pomwepo, chifukwa zinyenyeswa zimalowa mkati n'kumakanda. Masulani masikuluu awiri a chibokosi chake, isolozeni, dulani nsonga ndi sowo, salazani ndi fayilo mkati ndi kunja mpaka chala chizidutsa osakodwa, kenako pukutani handulo ndi paipiyo musanabwezere. Pobwezera, sunthirani chibokosicho mkati pang'ono, chitsulo cha handulo chizitulukira kunja kwa labala ndi mamilimita awiri kapena atatu, kuti msana wa handguard ukhale pa chitsulo, usakhudze labala ngakhale pang'ono. Ngati chibokosicho chili ndi kachikhomo kolowa m'bowo la pa handulo, moti sichingasunthe, musakadule kachikhomoko. Ikani mawashala kapena kachitsulo kotalikitsira pakati pa nsonga ya handulo ndi msana. Throttle imene yakanirira pa msewu wa fumbi, kutsogolo kuli ngolo kapena ana ochokera kusukulu, ndi ngozi yoposa liva yothyoka kutalitali.

Mukatero lumikizani zonse momasuka, bawuti iliyonse yongogwira ndi zala. Khalani panjinga. Yambani mwaika maliva pamene dzanja lanu limawafuna, mutakhala komanso mutaimirira pa zopondera, ndipo handguard itsatire liva. Anthu ambiri amachita zosemphana, amakweza kapena kutsitsa maliva kuti handguard ikwane, kenako n'kumadabwa kuti mkono ukupweteka. Kokani liva iliyonse mpaka kumapeto ndi kuisiya. Pakati pa kampira ka kunsonga kwa liva ndi msana pazikhala mpata wolowa chala. Liva ikatalika, sunthirani chogwirira chake mkati pang'ono, ndipo ngati malo palibe gulani maliva aafupi. Amakaniko ena amangodula kampirako ndi sowo. Ine sindivomereza, chifukwa kampira kameneko kanaikidwa kuti liva isabaye munthu pa ngozi.

Kilampu yamkati ndiyo imadya nthawi. Kumanja pali kathanki ka mafuta a buleki, paipi yake ndi kebulo ya throttle, kumanzere kuli kebulo ya kilatchi ndi mawaya a maswitchi. Ngati handulo ili ndi chitsulo chopingasa pakati, malo amachepanso. Tembenuzani kilampu uku ndi uku, yesani kuiloza kutsogolo kapena pansi, mpaka mutapeza pamene sikupana chilichonse. Musamasule bawuti ya paipi ya buleki pofuna kupeza mpata. Mukatero mumalowetsa mpweya m'mabuleki, ndipo mawashala ake a kopa safuna kugwiritsidwanso ntchito kachiwiri. Msana ukapanda kufika bwino pa kilampu, uchotseni, muupinde pang'ono pa vaisi. Kuukoka ndi bawuti kuti ufike mokakamiza kumangosiya zitsulo zili pa nkhondo, ndipo pa mabampu china chake chidzamasuka.

Zonse zikakhala m'malo, thirani dontho la mankhwala abuluu aja pa bawuti iliyonse, mangani pang'onopang'ono mosinthanasinthana, kunsonga kenako kilampu, kenako kunsonganso. Pulasitiki imabwera pomalizira.

Musanyamuke musanayese izi. Injini ili chizimire, potokolani throttle mpaka kumapeto ndi kuisiya. Izibwerera yokha msangamsanga mpaka kumveka kuti thwa, handulo ili pakati, ili kumanzere kwenikweni, ndiponso ili kumanja kwenikweni. Lizani injini pa nyutilo, khotetsani handulo mbali zonse, mumvetsere. Injini ikakwera yokha, kebulo yakokeka penapake. Onaninso kuti handguard sikugunda thanki, chigoba cha nyali kapena galasi. Ndiye buleki yakutsogolo: liva yake izibwerera mpaka kumapeto popanda chokhudza. Ngati msana kapena pulasitiki ikuikankha ngakhale pang'ono, mafuta a buleki amalephera kubwerera m'kathanki, mapadi amakhala akukhuza diski, zimatentha, ndipo teyala likhoza kumanga lokha muli pa liwiro. Kankhani njinga ndi manja mutasiya liva, muone ngati ikuyenda mopepuka. Pulasitiki yofewa imachitanso zomwezi mphepo ikamaikankha muli pa liwiro pa msewu wa M1, choncho ikanikizeni ndi chikhatho muone ngati ikufika pa liva.

Pali funso limene simunafunse koma ndikudziwa kuti anzanu akuuzani: bwanji osangopita kwa owotcherera kuti akupindireni chitsulo? Amisiri athu amatha, ndipo ndaonapo zopangidwa bwino. Ngati mwasankha njira imeneyi, chitsulocho chikhale chophwatalala, chosalazidwa m'mphepete, chomangidwa ndi mabawuti. Musalole kuti awotcherere pa handulo penipenipo. Moto umafooketsa paipi ya handulo, ndipo tsiku losintha labala kapena throttle mudzasowa pochotsera.

Kumbukiraninso kuti njinga ikula m'mbali ndi masentimita angapo. Ngati usiku mumailowetsa m'nyumba, monga timachitira ambirife, yezani khomo.

Mukayenda ulendo woyamba wa m'mabampu, bwerezani bawuti iliyonse ndi Allen key, makamaka za kunsonga. Tsiku limene mwagwa, mudzapeza kuti handguard yatembenukira m'mwamba kapena pansi. Musaimenye ndi mwala. Masulani, ibwezereni m'malo, mangani, ndipo yesaninso throttle ndi buleki musanakwere. N'chifukwa chake ma Allen key awiri aja azikhala m'chikwama cha zida, pamodzi ndi liva ya kilatchi yapadera yokulunga m'kansalu, poti chitsa cha m'munda chikhoza kulowa chapansi pa handguard n'kuipeza liva.