Kodi mulembenso SAT? Yankho kwa amene wapeza 1310

Mwafunsa ngati mulembenso mayeso a SAT mutapeza 1310 mu Juni, 720 pa masamu ndi 590 pa gawo la kuwerenga ndi kulemba, kapena mungotumiza malikisi omwewa ku mayunivesite a ku America kumene mukufuna kupempha malo pofika Januwale, poganizira kuti makolo anu sangathe kulipira fizi popanda thandizo lalikulu la ndalama. Yankho langa ndi lakuti mulembenso kamodzi, ndipo pafupifupi nthawi yonse yokonzekera muiike pa Chingerezi. Wina wokhala ndi 1310 yomweyi, koma yogawika mwina, ndikanamuuza kuti asavutike.

Chimene chikundipangitsa kunena chomwechi ndi mpata umene uli pakati pa magawo anu awiri. Gawo lililonse limayambira pa 200 kulekeza 800, choncho pa masamu mwatsala ndi malikisi 80 okha kuti mufike pamapeto, pamene pa Chingerezi pali malikisi 210 amene sanatoledwe. Mayunivesite ambiri amachita chimene amati superscore, ndiko kutenga malikisi apamwamba a gawo lililonse ngakhale anapezeka pa masiku osiyana. Ngati mutalembanso n'kupeza 660 pa Chingerezi koma masamu n'kutsika kufika 690, yunivesite yotereyi idzawerenga 720 ya mu Juni ndi 660 yatsopano, zomwe zikupanga 1380. Kwa munthu wa malikisi opendekera mbali imodzi ngati anu, kulembanso kuli ndi chiopsezo chochepa. Komabe muwerenge lamulo la yunivesite iliyonse payokha, chifukwa si onse amachita zimenezi, ndipo ena, monga Georgetown, amafuna kuona zotsatira za ulendo uliwonse umene munalemba.

Musanalipire, muone kaye ngati malikisi okwerawo adzagwira ntchito kumene mukupita. Mayunivesite ambiri a ku America amatulutsa chikalata chotchedwa Common Data Set, ndipo pa gawo C9 amalemba malikisi a ophunzira amene analowa chaka choyamba, kusonyeza pamene theka lapakati la iwo linagwera. Tengani mndandanda wa sukulu zanu ndipo muike 1310 yanu pafupi ndi manambala amenewo. Mukapeza kuti muli kale kumtunda kwa ambiri, kulembanso sikudzasintha zambiri. Mukapeza kuti muli pansi pang'ono, ndiye pamene malikisi 60 kapena 80 owonjezera amalemera. Ku Harvard kapena ku MIT, kumene ophunzira ambiri olowa amakhala ndi malikisi opitirira 1500, ulendo umodzi wokha sungatseke mpata wonsewo, ndipo ndi bwino kudziwa zimenezi tsopano kuti mndandanda wanu ukhale ndi sukulu za misinkhu yosiyanasiyana.

Anthu ena akuuzani kuti masiku ano mayesowa alibe ntchito chifukwa sukulu zambiri sizikakamiza kuwatumiza. Mawu amenewa ali ndi choonadi china, pakuti mu nthawi ya Covid-19 mayunivesite ambiri anasiya kuwafuna, ndipo a University of California sawayang'ana n'komwe posankha ophunzira. Koma MIT inabwezeretsa lamulo lowafuna mu 2022, ndipo mu 2024 Dartmouth, Yale, Brown ndi Harvard analengeza kuti ayambiranso kufuna zotsatira za mayeso. Sukulu zimenezi zili m'gulu laling'ono la zomwe zimatha kulipirira wophunzira wakunja zonse zimene banja lake silingathe, ndiye nkhaniyi ikukukhudzani mwachindunji. Palinso mfundo ina imene ine ndimaiona kuti ndi yolemera kwa ife ochokera kuno. Munthu amene akuwerenga fomu yanu ku Ohio kapena ku Massachusetts mwina sadziwa bwino kuti mapointi anu a MSCE akutanthauza khama lotani, kapena kuti sukulu imene munaphunzira ili ndi mbiri yanji, koma nambala ya SAT amaimva nthawi yomweyo. Ndipo mayunivesite ena amapereka sikolashipu potengera malire a malikisi amene amawalemba poyera, kotero kuti kudutsa malire amenewo kungasinthe ndalama zimene mudzafunika kupeza chaka chilichonse.

Kulembanso popanda kusintha kakonzekeredwe ndi kutaya ndalama, ndipo apa ndikufuna mukhale woona mtima kwa inu nokha. Malikisi amatha kukwera kapena kutsika pang'ono pakati pa maulendo awiri popanda munthu kuphunzira china chilichonse, choncho kusuntha kuchoka pa 1310 kufika 1330 sikuuza yunivesite kanthu katsopano. Funso loti mudzifunse ndi lakuti 590 ija inachokera kuti. Ngati nthawi inakutherani, vuto ndi liwiro la kuwerenga, chifukwa gawoli lili ndi mafunso 54 m'mphindi 64, zomwe ndi mphindi imodzi ndi pang'ono pa funso lililonse. Ngati munalakwa pa malamulo a kalembedwe, monga kaikidwe ka zizindikiro za m'kalembedwe ndi kugwirizana kwa mneni ndi mwininkhani, muli ndi mwayi, chifukwa malamulo amenewa ndi owerengeka ndipo munthu wakhama amawagwira m'masabata ochepa. Chovuta kwambiri ndi mawu achilendo komanso mafunso ofuna kuti mupeze mfundo imene wolemba sanainene mwachindunji, pakuti zimenezi zimakula pang'onopang'ono ndi kuwerenga tsiku ndi tsiku. Lipoti la zotsatira zanu limasonyeza mbali zimene munafooka, ndiye muyambire pamenepo.

Mukumbukirenso mmene mayeso a pa kompyutawa amayendera kuyambira pamene anayamba kunja kwa America mu Malichi 2023. Gawo lililonse lili ndi zigawo ziwiri, ndipo mmene mwachitira m'chigawo choyamba ndi zimene zimasankha ngati chachiwiri chikhale chovuta kapena chosavuta. Amene wagwera m'chigawo chosavuta sangafike pa malikisi apamwamba ngakhale atakhoza mafunso onse otsala, kotero kulakwa mosasamala kumayambiriro kumawononga kwambiri. Mayeso oyeserera athunthu alipo aulere mu pulogalamu ya Bluebook, yomweyo imene mudzalembere, ndipo Khan Academy ili ndi maphunziro aulere ogwirizana ndi a College Board, bungwe limene limakonza mayeso a SAT. Muyeserere monga tsiku lenileni, ndi nthawi yoikika komanso foni ili kutali. Ngati pakatha masabata asanu ndi limodzi mayeso oyeserera awiri otsatizana akukupatsani 640 kapena kupitirira pa Chingerezi, pitani mukalembe molimba mtima. Ngati mukadali pafupi ndi 600, ndalamazo zikathandiza kwina.

Nkhani ya ndalamayo siyaing'ono. Wolembera kunja kwa America amalipira ndalama yoonjezera pamwamba pa mtengo wa mayeso, zonse pamodzi n'kupitirira madola 100, ndipo tonse tikudziwa kuvuta kopeza madola kuno kwathu, osawerengera thiransipoti ndi malo ogona kwa amene amakhala kutali ndi malo olembera. Mukambirane ndi makolo anu poyera kuti ulendo uno ndi womaliza.

Pa za tsiku, ndingasankhe Okutobala kapena Novembala. Zotsatira zimatuluka pakatha pafupifupi masabata awiri, ndiye za Okutobala zimafika nthawi yabwino ngakhale kwa amene akufuna kupempha malo msanga pofika 1 Novembala, pamene Disembala ndi mwayi wotsiriza kwa sukulu zambiri za Januwale ndipo amagwera nthawi imene muyenera kukhala mukumaliza nkhani zanu zolemba, kutsatira makalata a aphunzitsi ndi kudzaza mafomu a thandizo la ndalama monga CSS Profile. Zinthu zimenezo musazisiye chifukwa cha mayeso, pakuti nkhani yolembedwa mothamanga ingakugwetseni ngakhale muli ndi 1400. Mulembetse msanga malo asanadzaze, muonetsetse kuti dzina la pa chiphaso chanu likufanana ndendende ndi limene mwalembetsa, ndipo ngati mulibe laputopu, College Board imabwereketsa chipangizo kwa amene apempha patatsala masiku osachepera 30. Alangizi a EducationUSA ku Lilongwe, amene amalangiza ofuna kukaphunzira ku America, angakuthandizeni kuunika mndandanda wa sukulu zanu musanalipire.