Ku mwezi kuli chiyani chathu? Yankho kwa aphunzitsi a ku Ngabu

Aphunzitsi ena a pasekondale ina kufupi ndi Ngabu anditumizira imelo. Akuti ana a Fomu 3 anawapanikiza m'kalasi: bwanji mayiko akumwaza ndalama zankhaninkhani potumiza zombo ku mwezi, pomwe kuno kuchigwa anthu amagona m'misasa Shire ndi Ruo zikasefukira? Ndiye iwo akufunsa ngati nkhani za mlengalenga zingapatse dziko ngati lathu chiyembekezo chilichonse, kapena ndi matama a olemera basi.

Aphunzitsi, anawo musawadzudzule, chifukwa mbali ina akunena zoona. Mpikisanowu unayamba ngati kuonetsana mphamvu. Soviet Union itaponya setilaiti yoyamba ya Sputnik mu 1957, kenako Yuri Gagarin n'kuzungulira dziko mu 1961, America inagwidwa manyazi. Pulezidenti John F. Kennedy analonjeza kuti munthu aponda mwezi zaka za m'ma 1960 zisanathe, ndipo Neil Armstrong ndi Buzz Aldrin anapondadi pa 20 Julayi 1969. Koma chombo chawo cha Apollo 11 chili pafupi kunyamuka, m'busa Ralph Abernathy anafika ku Cape Kennedy ndi anthu osauka, ali ndi ngolo zokokedwa ndi nyulu, kudzafunsa funso lomweli la ana anu.

Ine dziko limene ndimati tiliyang'anitsitse ndi India. Bungwe lawo la za mlengalenga la ISRO linakhazikitsidwa mu 1969, m'zaka zimene dzikolo linkadalira tirigu wa thandizo kuchokera ku America. Vikram Sarabhai, amene anayambitsa ntchitoyi, ankanena poyera kuti cholinga chake sikupikisana ndi olemera pofika ku mwezi, koma kuthana ndi mavuto a anthu pansi pano. Anayambira m'mudzi wa asodzi ku Thumba, zida zina za roketi akuzinyamula panjinga. Taonani zotsatira zake. Namondwe wa mu 1999 anapha anthu pafupifupi 10,000 m'dera la Odisha ku India komweko. Mu 2013 kunabwera wina woopsa, Phailin, koma anamuona akadali kutali panyanja, anasamutsa anthu pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo omwalira anali makumi ochepa chabe. Si setilaiti yokha inachita zimenezo ayi. Panali nyumba zothawiramo, mabasi, ndi anthu oyenda khomo ndi khomo. Mwezi unabwera pambuyo, pomwe chombo chawo cha Chandrayaan-3 chinatera kumeneko mu Ogasiti 2023.

Tsono bwererani kwathu kuno. Namondwe Freddy sanatidzidzimutse ngati mbala. Anabadwira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale 2023, anadutsa nyanja yonse ya India, n'kukhala masiku 36, ndipo ulendo wonsewo makamera a m'mwamba ankamutsatira. A zanyengo anachenjeza pawailesi. Chimodzimodzi Ana mu Januwale 2022, uja anaononga Kapichira n'kusiya dziko mumdima. Choncho mlengalenga tikudya nawo kale, ngakhale tilibe setilaiti yathuyathu. Pamene pamatisowetsa mtendere ndi pakati pa chithunzi cha m'mwamba ndi munthu wa ku Makhanga. Wamva chenjezo, inde, koma athawire kuti? Bwato lili kuti? Ng'ombe azisiyira ndani, ndipo kumtunda kumene akumuuzako kuli munda? Anthu a m'tauni amafulumira kunena kuti a kuchigwa ndi osamva, osadziwa kuti dimba la m'mphepete mwa mtsinje ndilo limawadyetsa chilimwe chonse.

Ngati dziko likufuna loto lalikulu longa la Kennedy, kwa ine ndi limeneli: kulonjeza chaka chimene madzi osefukira adzaleke kupha munthu ku Nsanje ndi Chikwawa, n'kuika mainjiniya, aphunzitsi, mafumu ndi ndalama pa lonjezolo. Ulendo wa ku mwezi unatheka chifukwa anthu pafupifupi 400,000 anagwira ntchito imodzi yokhala ndi tsiku lomalizira. Ife mapulani tili nawo odzaza mashelefu, koma a tsiku lomalizira ndi ochepa.

Muwauzenso za Edward Nkoloso wa ku Zambia, mphunzitsi mnzanu, amene mu 1964 ankakonzekeretsa achinyamata ulendo wa ku mwezi powagubuduza m'migolo pachitunda. Atolankhani akunja anamuseka mpaka kugwira nthiti, ndipo kunena zoona roketi analibe. Koma mu 2022 Zimbabwe ndi Uganda zinatumiza masetilaiti awo oyamba, ang'onoang'ono oti n'kunyamula m'manja, opangidwa ndi achinyamata awo amene anakaphunzira ku Japan. Kenya inatero mu 2018, Rwanda mu 2019. Mwana wa ku Ngabu wokhoza masamu ali ndi kolowera: yunivesite ya sayansi ya MUST ili pamwamba pomwepa ku Thyolo, ndipo kuyambira 2020 m'dziko muno muli sukulu yophunzitsa za madironi ndi kuwerenga zithunzi za m'mwamba.

Za m'kalasimo, zithunzi za masetilaiti a Sentinel a ku Ulaya zimapezeka ulere pa intaneti, bola bandulo. Tengani cha Elephant Marsh cha mu Okutobala ndi china cha mu Malichi 2023, muziike pambali. Anawo apeze Chiromo, apeze Bangula, aloze pomwe Ruo imakumana ndi Shire, kenako anene okha msewu umene umayamba kuduka, ndi sukulu iti imene ili pamtunda woti anthu a m'midzi yawo angafikepo wapansi madzi asanawatsekereze.