Yankho kwa achimwene amene mbuna yawo ikupha nsomba zinzake m'thanki yaing'ono

Achimwene, ndawerenga funso lanu ndipo ndayang'anitsitsa chithunzi chimene mwaika. Mwanena kuti muli ndi thanki yagalasi yotalika masentimita 60, yolowa madzi pafupifupi malita 55, kuti muli mbuna imodzi (nsomba ya m'miyala ya Nyanja ya Malawi) imene yapha kale ma guppy atatu ndi goldfish imodzi, ndipo mukufuna kudziwa nsomba zimene mungaikemo kuti zizikhala nayo mwamtendere. Anzathu ena pagulu pano akulangizani kuti muyese pleco (nsomba yapansi imene imamatirira pagalasi n'kumadya ndere), ena akuti mugule mbuna ina yofanana nayo msinkhu. Ine ndikupemphani kuti musagule kanthu kaye mpaka mutawerenga zimene ndilembezi, chifukwa ndikuona kuti mukatsatira malangizo amenewo mutaya ndalama komanso muphetsa nsomba zina.

Nsomba ili pachithunzipo ndi Melanochromis auratus. Ikakhala yaing'ono, kapena ikakhala yaikazi, imaoneka yachikasu chowala ndi mizere yakuda ndi yoyera kumsana, ndipo kukongola kumeneku ndi kumene kumakopa anthu ambiri m'masitolo. Yanuyo yayamba kuda kumimba ndipo chikasu chikuzimiririka, kusonyeza kuti ndi yaimuna imene ikukhwima. Imakula mpaka masentimita 11 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo pakati pa mbuna zonse zimene zimagulitsidwa, iyi ili m'gulu la zaukali kwambiri. Kunena mosabisa, m'thanki ya masentimita 60 palibe nsomba imene ingakhale ndi auratus yaimuna kwa nthawi yaitali.

Chifukwa chake chimaoneka bwino munthu akaziona kwawo. Amene munasambirapo ndi magalasi oonera pansi pa madzi ku Cape Maclear, makamaka pamiyala ya chilumba cha Thumbi, mukudziwa mmene zimakhalira. Mbuna zimadya ndere zimene zimamera pamiyala pamodzi ndi tizilombo tating'onoting'ono tokhala m'nderemo, ndipo yaimuna yokhwima imasankha mwala kapena mphako imodzi n'kuisandutsa munda wake komanso nyumba yoitanirako zazikazi. Ine ndinaima pamwamba pa yaimuna ina kwa mphindi zingapo ndikuiona: inkatuluka m'mphako ngati muvi, n'kuthamangitsa nsomba yodutsa kwa mtunda wochepa, kenaka n'kubwerera pamalo pake n'kuyamba kupala ndere ngati palibe chimene chachitika. Yothamangitsidwayo sinavulale, chifukwa inali ndi kothawira. Ukali wa mbuna umathera pamalire a malo ake. Tsono m'thanki yanuyo, malo onse kuchokera pagalasi ili kufika pagalasi ilo ndi aang'ono kuposa dera limene nsombayo imafuna, choncho nsomba iliyonse imene mungaikemo imakhala ili m'munda wa mwini usana ndi usiku, ndipo mwiniyo saleka kuithamangitsa chifukwa mlendoyo sakuchoka.

Ndinaphunzira zimenezi movutikira. Ndinali ndi auratus yaimuna m'thanki yofanana ndi yanu, ndipo wogulitsa wina anandiuza kuti ndikaipezera mkazi idzafatsa. Ndinagula yaikazi imodzi. Tsiku lachitatu ndinaipeza itabisala pakona yakumwamba, kuseri kwa hita, mutu uli m'mwamba, zipsepse zitang'ambika, mamba ena atachoka m'mbali, ikupuma mothamanga. Sinkatsika ngakhale nthawi ya chakudya. Ndinaichotsa mochedwa ndipo inafa patapita masiku awiri. Mukadzaona nsomba ikukhala pakona yakumwamba motero, muichotse tsiku lomwelo osadikira mawa.

Za nsomba zimene zafa kale zija, vuto silinali ukali wokha. Goldfish ndi nsomba ya madzi ozizira, pamene mbuna imafuna madzi ofunda a madigiri 24 mpaka 28, ndipo goldfish imasambira pang'onopang'ono komanso imadetsa madzi kwambiri. Ma guppy ndi aang'ono ndipo michira yawo yaitali imaitana mano. Angelfish ndi neon tetra, zimene wina wazitchula, ndi nsomba za ku South America zozolowera madzi ofewa, a pH yotsika (pH ndi muyeso wa asidi m'madzi), pamene madzi a Nyanja ya Malawi ali ndi pH ya pakati pa 7.7 ndi 8.6, kotero ngakhale zikanapulumuka kulumidwa, mbali imodzi ikanakhala m'madzi osaiyenera. Pleco yaikulu ija imakula kupitirira masentimita 30 ndipo singakwane m'thanki yanu. Ngakhale nsomba za m'nyanja yomweyo sizigwirizana zonse: Aulonocara, zimene ogulitsa amazitcha peacock, zimakhala cha kumchenga, ndi zofatsa, zimadya tizilombo, ndipo zikakhala ndi mbuna yaukali zimataya mtundu wake n'kumangobisala.

Njira zimene muli nazo, monga mmene ndikuonera, zikudalira chimene mumakonda kwambiri, kaya ndi nsomba imeneyi kapena thanki yodzaza ndi nsomba zambiri. Ngati mwaikonda auratus yanuyo, isungeni yokha, muiikire miyala yambiri, ndipo muyambe kukonzekera thanki yaikulu chifukwa ikafika msinkhu wake masentimita 60 adzaichepera ngakhale ili yokha. Musaimvere chisoni kuti ikusungulumwa, pakuti mbuna yaimuna simasowa mnzake monga mmene ife timasowera. Mukafuna kuti nsomba zikhale zambiri m'thanki yomweyi, mupatseni auratus munthu amene ali ndi thanki yaikulu kapena muibweze kusitolo, kenaka musunge nsomba zing'onozing'ono zofatsa monga ma guppy aja, kapena betta (kansomba ka zipsepse zazitali) yaimuna imodzi ndi nkhono zingapo.

Koma ngati mtima wanu uli pa mbuna, ndipo ine sindingakuletseni chifukwa ndi nsomba zathu zimene dziko lonse limazisirira, chinthu choyamba kugula ndi thanki yotalika masentimita 120, yolowa malita pafupifupi 200. Utali wa thanki ndi umene uli wofunika kuposa kuya kwake, chifukwa mbuna zimagawana malo a pansi. Muunjike miyala kuchokera pansi kufika pafupifupi pakati, muisanje mokhazikika pagalasi lapansi musanathire mchenga chifukwa nsombazi zimakumba ndipo mwala wogwa ukhoza kuswa thanki, ndipo musiye mphako zambiri kuposa chiwerengero cha nsomba. Cholinga ndi chakuti yothamangitsidwa ikakhota pamwala izisowa m'maso mwa yothamangitsayo, pakuti mbuna ikasiya kuona mdani wake imasiyanso kumutsatira.

Posankha mitundu, yambani ndi yofatsa. Labidochromis caeruleus yachikasu, imene inachokera cha ku Nkhata Bay, ndi imene ndimalangiza aliyense woyamba kumene. Iodotropheus sprengerae, yofiirira ngati dzimbiri, ya ku zilumba za Boadzulu, Chinyankwazi ndi Chinyamwezi, nayonso ndi yodekha ndipo siikula kwambiri. Pali inanso imene ndimaikonda, saulosi, imene imapezeka pa Taiwanee Reef pafupi ndi chilumba cha Chizumulu ndipo dzina lake linachokera kwa Mmalawi amene anaipeza: yaimuna ndi yobiriwira ngati thambo yokhala ndi mizere yakuda, zazikazi ndi zachikasu, kotero mtundu umodzi wokha umakupatsani maonekedwe awiri, ndipo gulu la saulosi zokhazokha likhoza kukhala m'thanki ya masentimita 90. Pewani kaye auratus, kenyi ya ku Mbenji ndi demasoni, imene ndi yaing'ono koma ukali wake ndi woopsa.

Pamtundu uliwonse muzisunga yaimuna imodzi ndi zazikazi zitatu kapena zinayi. Akuluakulu anati atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo kwa mbuna mawuwa ndi oona ndithu: zazimuna ziwiri za mtundu umodzi m'thanki yochepa zimalimbana mpaka imodzi itafa. Yaikazi ikakhala imodzi yokha, chidwi chonse cha yaimuna chimathera pa iyo, monga zinachitikira kwa ine, ndipo zimavuta kwambiri ikafungatira mazira m'kamwa, chifukwa imakhala pafupifupi masabata atatu osadya ndipo mphamvu zothawira zimakhala zochepa. Musasakanizenso mitundu yofanana maonekedwe. Yaimuna imazindikira mdani wake ndi maonekedwe ndi mizere, choncho nsomba ziwiri zobiriwira zamizere yakuda zimaonana ngati opikisana ngakhale zili za mitundu yosiyana, komanso zikhoza kuberekana n'kutulutsa ana osakanizika. Pa chifukwa chomwechi, zazikazi zachikasu za saulosi ndi Labidochromis yachikasu ndi bwino kusaziika pamodzi. Mukafuna nsomba yapansi, nkholokolo ya m'nyanja yathu, Synodontis njassae, ili ndi minga yolimba ndipo mbuna zimaisiya, koma imakula mpaka pafupifupi masentimita 19, choncho ndi ya thanki yaikulu basi.

Mumva ena akunena kuti mankhwala a ukali wa mbuna ndi kudzaza nsomba zambiri kuti yaukali isakhale ndi imodzi yoilondalonda. Njirayi imagwiradi ntchito, ndipo nsomba 12 mpaka 15 m'thanki ya malita 200 zimakhala mwabata kuposa nsomba zinayi, koma ili ndi mtengo wake. Imafuna fyuluta yamphamvu, kusintha gawo limodzi mwa magawo atatu a madzi sabata iliyonse ndi madzi ochotsedwa klorini, komanso mpweya wokwanira. Kwa ife amene magetsi amatithimira maola angapo, thanki yodzaza imasowa mpweya msanga, choncho pampu yaing'ono yoyendera mabatire ikhale pafupi musanaganize zodzaza. Njirayi musaiyese m'thanki ya malita 55, chifukwa madzi adzaipa nsomba zisanagwirizane n'komwe.

Tsiku loika nsomba zatsopano nalo lili ndi dongosolo lake. Zisungeni kaye m'thanki ina kwa masabata awiri kapena kuposerapo kuti muone ngati zilibe matenda, ndipo thanki yanu ya masentimita 60 idzagwira bwino ntchito imeneyi, komanso yopumitsiramo yovulala kapena yofungatira mazira. Pozilowetsa, sunthani miyala yonse kuti malire akale asokonekere, ikani nsomba zingapo nthawi imodzi osati imodziimodzi, zikhale za msinkhu wofanana, yaukali kwambiri ilowe pomalizira, ndipo muzimitse nyali mpaka m'mawa. Chakudya chikhale chamasamba, monga chokhala ndi ndere yotchedwa spirulina, chifukwa matumbo a mbuna ndi aatali oyenera ndere, ndipo zakudya zanyama zambiri zimazitupitsa mimba mpaka kufa.

Pomaliza ndikupempheni chinthu chimodzi chokhudza auratus yanuyo, ngati mungaganize zoichotsa. Musaitaye mumtsinje, m'damu kapena m'nyanja poganiza kuti mukuibwezera kwawo. Mitundu yambiri ya mbuna imapezeka pachilumba chimodzi kapena pamiyala ya malo amodzi okha, ndipo ichi ndi china mwa zifukwa zimene Lake Malawi National Park inakhazikitsidwira mu 1980 ndi kulembedwa ndi bungwe la UNESCO pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. M'zaka za m'ma 1960 mbuna zochokera kumpoto kwa nyanja zinatayidwa pachilumba cha Thumbi West, ndipo zina zinakhazikika n'kuyamba kuberekana ndi za pamalopo, zomwe sizingabwezedwenso. Nsomba yochokera m'sitolo ikhozanso kunyamula matenda. Lembani pagulu pano kuti muli ndi auratus yaimuna yofuna malo, mutchule dera limene mukukhala, ndipo pakadali pano musaikemo nsomba ina iliyonse kufikira mutasankha chochita ndi thankiyo.