Masiku awiri ku Stone Town: yankho kwa mayi wogula katundu ku Kariakoo

Mayi wina wa ku Lilongwe, amene amapikula nsalu ndi nsapato ku Kariakoo, wandilembera kalata. Akuti nthawi zambiri amakhala masiku awiri ku Dar es Salaam akungodikira kuti katundu apakidwe m'lole, ndipo anzake amamuuza kuti Zanzibar ili pafupi. Akufunsa ngati masiku awiri angakwane, choti akaone, komanso choti akadye popanda kuwononga mpamba.

Mayi, masiku awiri akwana, bola musiye maganizo a kugombe la mchenga woyera limene mumaliona pa Facebook. Magombe otchukawo, monga Nungwi ndi Paje, ali kutali ndi doko, ndipo adzakudyerani tsiku lonse pamodzi ndi ndalama. Komanso ife a ku Malawi mchenga ndi madzi si zachilendo. Chimene kwathu kulibe ndi mzinda wakale wa Stone Town, ndipo umayambira pomwepo potsikira sitima.

Sitima yothamanga yochokera ku Dar es Salaam imatenga pafupifupi maola awiri. Kwerani ya m'mawa. Tikiti mukagule pa ofesi yeniyeni, osati kwa madobadoba amene adzakuzingani pachipata, ndipo dziwani kuti mlendo amalipira mtengo wokwera kuposa mzika. Pasipoti ikhale m'manja, chifukwa ngakhale Zanzibar inaphatikizana ndi Tanganyika mu 1964 n'kupanga Tanzania, ili ndi boma lakelake ndipo padoko amaona zikalata. Kuyambira mu 2024 alendo amafunikanso inshuwalansi ya pachilumbapo, choncho funsani za iyo pogula tikiti.

Mukasiya chikwama kumalo ogona, pitani kaye ku Mkunazini, pamene pali tchalitchi cha Anglican cha Christ Church. Ndikukakamira malo amenewa chifukwa nkhani yake ndi yathu. Pamenepo panali msika wa akapolo, ndipo ambiri mwa ogulitsidwawo anachokera kuzungulira nyanja yathu. A Jumbe a ku Nkhotakota ankawaolotsa pa zombo, kenako ankayenda pansi mpaka ku Kilwa, opulumuka panjira n'kukwezedwa kupita ku Zanzibar. Sultan Barghash anatseka msikawo mu 1873 atapanikizidwa ndi Angerezi, ndipo chaka chomwecho amishoni a Anglican a bungwe la UMCA anayamba kumanga tchalitchi pamalopo, ntchito imene Bishopu Edward Steere anaiyang'anira. Amishoniwa ndi omwe aja anayesa kukhazikika ku Magomero mu 1861, zinthu zitavuta n'kusamukira ku Zanzibar, kenako n'kubwerera kunyanja kudzakhala pa Likoma. Ngati munalowapo m'tchalitchi cha St Peter's ku Likoma, mudzakhala mukuona kumene nkhani yake inadutsa.

M'katimo muli mtanda waung'ono wosemedwa kuchokera ku mtengo wa kwa Chitambo ku Zambia, umene pansi pake anakwirira mtima wa David Livingstone. Otsogolera alendo adzakuonetsaninso pafupi ndi guwa, pamene amati panali mtengo wokwapulirapo akapolo. Panja pali ziboliboli za anthu asanu ataima m'dzenje, unyolo uli m'khosi. Pali chipinda cha zithunzi ndi zolemba zofotokoza malondawo; muwerenge mosathamanga, mudzapezamo mayina a malo ndi mitundu imene mukuidziwa. Pano pokha ndi pamene ndimati kulipira wotsogolera n'koyenera.

Kwina konseko ingoyendani. Tinjira take n'topanikiza moti galimoto silowa, ndipo mudzasochera ndithu, koma mzindawo ndi waung'ono, mukangofunsa kumene kuli nyanja mwatuluka. Nyumba zake anazimanga ndi miyala ya m'nyanja ndi laimu. Yang'anani zitseko: zosemedwa za makona anayi zokhala ndi mawu a m'Korani pamwamba n'zachiarabu, zozungulira pamwamba zokhala ndi zisonga zamkuwa n'zachimwenye. Chitseko chinali chikwangwani cha chuma cha mwini nyumba, ndipo mukachoka ku Mkunazini simuchedwa kudzifunsa kuti chuma china chinachokera kuti. Nyumba ya Tippu Tip, wamalonda a minyanga ndi akapolo uja, ikadalipo ku Shangani.

Kumphepete kwa nyanja kuli linga lakale limene Aluya a ku Oman anamanga atathamangitsa Apwitikizi, kulowa kwake n'kosavuta. Pafupi pake pali Beit al-Ajaib, nyumba ya Barghash ya mu 1883, yoyamba kukhala ndi magetsi pachilumbapo. Mbali yake ina inagwa mu December 2020, choncho musawerengere zolowamo. Malo omwewa ndi amene zombo za Angerezi zinawomba pa 27 August 1896, nkhondo imene inatha ola lisanakwane.

Tsopano za m'mimba. Masana idyani pilau kapena biriyani m'malesitilanti amene muona eni mzinda atadzaza, ndipo mufike msanga, pakuti mphika ukatha watha. Mpunga wake umanunkhira karafuu (cloves), sinamoni ndi hiliki (cardamom), zimene Sultan Seyyid Said anadalira, makamaka karafuu, atasamutsira likulu lake kuno kuchokera ku Muscat cha m'ma 1840. Ndiwo zambiri amaphikira m'madzi a kokonati, kuyambira nyemba mpaka pweza, chamoyo cha m'nyanja cha miyendo isanu ndi itatu chija. Ngati mtima ukulola, chilaweni. Chikaphikidwa bwino n'chofewa.

Dzuwa likalowa aliyense amapita ku Forodhani, bwalo la m'mphepete mwa nyanja kumene amayala matebulo a zowotcha. Pitani, koma maso akhale patsogolo. Nkhanu ndi nsomba zoyalidwa bwinozo nthawi zina zimakhala zakhalitsa, ndipo mtengo umakwera akaona kuti ndinu mlendo, ndiye funsani musanaloze. Ine ndimasankha zimene akuphika ndikuona: mishikaki, yomwe ndi kanyenya wa patimitengo, madzi a nzimbe ofinyira limodzi ndi jinja ndi ndimu, komanso chimene amachitcha Zanzibar pizza, chapati chopyapyala chokutira nyama yogaya, anyezi ndi dzira. Koma chakudya chenicheni cha mzindawu, kwa ine, ndi urojo: msuzi wachikasu wowawasa ndi mango kapena mandimu, m'mene amaponyamo mbatatesi, bajiya (tizitumbuwa ta ufa wa nyemba), tizidutswa ta chinangwa chokazinga ndi tsabola. N'chotsika mtengo ndipo chimakhutitsa.

Anthu ambiri kuno ndi Asilamu. Valani zofika m'munsi mwa mawondo ndi zobisa mapewa. Chitenje chanu chikwanira. Ikakhala nthawi ya Ramadan musadye poyera masana, ndipo malo ambiri odyera amakhala otseka mpaka madzulo.

Tsiku lachiwiri mulawirire ku Jaws Corner, kumene azibambo amamwa khofi wakuda m'timakapu ndi kashata (switi wa kokonati kapena mtedza), kenako mupite kumsika wa Darajani nsomba zikadali kufika. Ulendo wa kuminda ya zonunkhiritsa chakudya umatenga theka la tsiku, ndipo kwa inu wofuna sitima ya masana ndingati muusiye. Zonsezo zili pa Darajani, ndipo inu wa ku Kariakoo sindingakuphunzitseni kunenerera. Gulani karafuu, hiliki ndi zosakaniza za pilau pa kilo kwa ogulitsa a m'kati mwa msika, osati timapaketi tokongola ta alendo. Pobwerera nyanja imakonda kuwinduka kuposa m'mawa, choncho pweza uja musamudye mutatsala pang'ono kukwera.