Achemwali a ku Epworth, vuto si mtima wanu

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena a ku Epworth, kufupi ndi Harare kuno ku Zimbabwe, amene amapikula tomato kumsika waukulu wa Mbare Musika n'kumagulitsa pamsewu. Akuti Januwale aliyense amalumbira kuti ayamba kusunga ndalama, koma pofika Febuluwale kachitini kamakhala kali gwaa. Anamaliza ndi funso: "Kodi ndine munthu wofooka?" Usiku umenewo tulo sindinatione.

Achemwali, ndiloleni ndiyambire pa bambo anga.

Agogo anachoka ku Dedza nthawi ya Chitaganya kudzafuna ntchito kuno, ndipo bambo anabadwira ku Mufakose. Anagwira ntchito pafakitale ina ku Southerton zaka zoposa 20. Mwezi ukatha, asanagule ngakhale mchere, ankayamba apita kubanki. Kabuku kakubanki kankakhala m'thumba la jekete yawo ya kutchalitchi. Kenako inafika 2008. Mtengo wa buledi wam'mawa sunali wamadzulo, ndipo mu Januwale 2009 kunatuluka ndalama yapepala ya madola 100 trillion a ku Zimbabwe. Thukuta lawo lonse linasungunuka ngati mchere pamvula. Ndimawaonabe atakhala pakhonde, kabuku kali m'manja, osayankhula.

Kuyambira pamenepo ine ndinati ya lero ndi ya lero. Ndikalandira, ndinkadya. Zaka pafupifupi khumi ndinakhala choncho, ana akukula, lendi ndikubwereka. Ma bond note, ndalama zatsopano zapepala za boma, atabwera mu 2016 ndinangoti mwaona, ndinkanena. Mu Epulo 2024 kunabweranso ndalama ina yatsopano, ZiG. Ndiye munthu asaimirire pa Facebook n'kumatiuza kuti anthu a mu Harare sitidziwa kudziletsa. Zimandipweteka kwambiri. Tinalumidwa ndi njoka, ndipo tikaona chingwe timadumpha. Mayi amene amadzuka 4 koloko kukaima pamzere wa pamjigo, kenako n'kukwera kombi ya ku Mbare kusanache, angakhale wofooka bwanji?

Pali bodza linanso limene latipweteka, lakuti chizolowezi chimakhazikika pa masiku 21. Ofufuza a ku University College London, motsogozedwa ndi Phillippa Lally, anatsatira anthu 96 amene ankayesa kuzolowera chinthu chatsopano tsiku ndi tsiku. Anapeza kuti pakatikati pamafunika masiku 66 kuti chinthucho chizingochitika chokha. Ena masiku 18 anawakwanira, ena zinkaoneka kuti afunika mpaka 254. Anapezanso kuti kuphonya tsiku limodzi sikugwetsa nyumba yonse. Choncho Febuluwale amene mukudziweruzayo, achemwali, mumakhala muli pakati pa mtsinje, simunafike n'kutsidya komwe.

Mayi anga sindinawamvepo akulumbira kuti mawa asesa pabwalo. Ankadzuka, kusamba kumaso, tsache lili kale kuseri kwa chitseko. Kusesa kunamangiriridwa ku kudzuka, kuika madzi pamoto kunamangiriridwa ku kusesa. Ndakhala ndikuziganizira zimenezi, ndipo tsopano ndimakana kwamtuwagalu kuti munthu amasintha ndi kulimba mtima kokha. Mtima umatopa. Madzulo mwana akalira njala, lumbiro la Januwale silimveka.

Ine chinandiwongola ndi chipereganyu, chimene anzathu a Chishona amati mukando. Tinalipo asanu a kutchalitchi kwathu, tonse ana a anthu a ku Nyasaland, ndipo tinkasonkha madola a ku America Lamlungu lililonse mapemphero akatha, pansi pa mtengo womwewo. Sabata ina ndinalibe, ndinafuna kujomba. Mkulu wina wa pagulupo anandipeza kunyumba, sanandikalipire, anangokhala pampando n'kufunsa za ana. Manyazi amene ndinamva anandithandiza kuposa malumbiro onse. Mwezi wachitatu usanathe ndinazindikira kuti Loweruka madzulo dzanja likupatula lokha ndalamayo. Nditalandira gawo langa loyamba ndinalipira fizi ya mwana wanga teremu isanayambe, ndipo ndinalira m'kombi pobwerera.

Nanga inu mutani?

Yambani pang'ono kwambiri, ngakhale dola imodzi, ndipo muzipatule nthawi yomweyo tsiku lililonse: mukangotsitsa dengu kunyumba, musanavule nsapato. Kachitini kasakhale pamene mumasunga chenji. Pezani anzanu awiri kapena atatu apamsika amene mumawadziwa kwawo, muzipatsana Lachisanu lililonse. Tsiku limene tomato wawola ndipo simunapatule, mawa lake pitirizani, osayambanso kuwerenga.

Kabuku ka bambo kaja ndikadali nako. Anamwalira asanaone kuti ndayambanso kusunga, ndipo zimenezi zimandiwawa mpaka lero. Mundilembere ikatha miyezi itatu, achemwali, mundiuze mmene zikuyendera, ngakhale zitakhala kuti zavuta.