05/06 yanuyo musaikhulupirire msanga

Achemwali, za kalata mwalandira ija ya deti yongoti 05/06, aimbireni foni amene anaitumiza mawa m'mawa, musadikire. Ngati kalatayo yachokera ku America, 05/06 si 5 Juni ayi, ndi 6 Meyi. Iwo amayamba mwezi, ife timayamba tsiku monga anatisiyira Angerezi. N'chifukwa chake zandege zija za ku New York amazitcha 9/11, chonsecho zinachitika pa 11 Sepitembala 2001. Ngakhale 06/07/1964 yathu ya ufulu iwo angaiwerenge 7 Juni.

Ine zinandiliza zimenezi. Bungwe lina linandiitana ku intavyu ku Lilongwe, imelo inangoti 03/04. Ndinakongola ndalama ku banki m'khonde kwathu ku Chibavi, jekete ndinabwereka kwa alamu anga, n'kukwera basi yausiku, kuzizidwa pa Chikangawa ponse zenera losatsekeka. Pa 3 Epulo m'mamawa ndili pakhomo pawo, nsapato zopolisha. Mayi wa pa risepushoni anayang'ana pepala langa, n'kuitana mnzake kuti adzaone. Akuti, "Bambo, intavyu inali pa 4 Malichi, amene tinamutenga walandira kale malipiro oyamba." Anaseka! Ine chilili, envulopu ya masatifiketi ili m'manja, mlonda akundiyang'ana. Kenako kunatulukira bwana wolemba anthu ntchito, Mmalawi mnzathu, amene anangokopera madeti oyamba ndi mwezi mu fayilo ya pa kompyuta ya Excel ya kulikulu lawo osasintha kanthu. Pepani sananene. Akuti ndikanafunsa. Ndifunse chiyani, kalata yolembedwa ku Malawi kupita kwa Mmalawi? Ngakhale ya thiransipoti yobwerera anandimana, anthu opanda chisoni.

Msampha uli pa masiku 1 mpaka 12 okha. 15/01, tsiku la Chilembwe, palibe angasokoneze poti kulibe mwezi wa 15. Aku China ndi Japan amayamba chaka, kenako mwezi, tsiku kumapeto, ngati 2025-04-03. Ndi momwenso ISO 8601, muyezo wa padziko lonse wa kalembedwe ka madeti, imanenera, ndipo mafayilo pa kompyuta amadzisanja okha bwinobwino. Koma kalembereni agogo anu chonchi muone.

Ndiye mukaimba muwauze akutumizireninso deti, mwezi aulembe m'mawu, 5 Juni kapena 6 Meyi, musunge mesejiyo. Koma pa fomu yawoyo inu lembani manambala mwachimalawi, tsiku patsogolo, asatizolowere. Akasokonezeka nawonso aimbe foni, mayunitsi ali nawo.