Mnzako wa ku koleji uja ubwere naye kumunda

Eya mphwanga, ndi amalume ako. Uthenga wako ndauona usiku, koma foni inazima, ndachita kukatchajitsa pa msika m'mawa uno. Kulemba sindingathe, zala zangazi n'za khasu, ndiye ndingolankhula. Enanu a pagulupa mumvetsere nawo, musangodumpha.

Ukuti abusa Lamulungu analalikira kuti chilengedwe chimaonetsa Mulungu poyera, mwakuti palibe amene angawiringule. Koma mnzako wa ku koleji, amene amakhalira kusuzumira tizilombo ndi masamba pa makina, akuti kulibe Mulungu. Ndiye ukufunsa kuti ngati zili poyera chonchi, bwanji iyeyo sakumuona?

Abusawo sanapeke ayi. Tsegula Aroma 1, ndime 18 mpaka 21. Paulo akuti mphamvu yosatha ya Mulungu ndi umulungu wake, ngakhale sizioneka ndi maso, zimazindikirika m'zimene analenga. Salimo 19 nalo likuti thambo limalalikira, usana ndi usiku zimauzana, popanda mawu, popanda chinenero, koma uthengawo wafika dziko lonse.

Ndipo ife Achewa ndiye mboni zake. Amishoni sanabwere ndi Mulungu m'sutikesi. Anafika ku Magomero mu 1861, ku Blantyre mu 1876, ku Mvera mu 1889, n'kupeza makolo athu akuitana kale Chauta, Namalenga, Mphambe, Chisumphi. Kukachita chilala ankapita ku Msinja kwa Makewana, a kuchigwa ankapita ku Khulubvi. Anawauza ndani kuti mvula ili ndi mwini wake? Ngakhale utawaleza umene umauona mvula ikakata, tamvetsera dzina lakelo, ndi uta wa Leza. Mpaka Buku Loyera linalemba Chauta pamene Buku Lopatulika lili ndi Yehova. Sindikunena kuti zonse zimene ankachita ku kachisi zinali zolondola, iyayi. Koma kudziwa kuti kuli Wina, ankadziwa.

Dikira kaye, mbuzi zalowa ku dimba. Iwe! Tazipirikitsa izo!

Pepa, ndabwera. Ndimati chiyani paja? Eya, ndime 18. Pamenepo ndi pamene pagona yankho lako. Paulo sakunena kuti anthu akusowa umboni. Akuti amakanikiza choonadi. Ukudziwa munthu amene ali ndi ngongole ya shuga ndi sopo pa golosale, mmene amayendera? Amazungulira kuseri kwa tchalitchi, kudutsa m'munda mwa eni, mpaka chisoso kumumatirira buluku lonse, bola asadutse pakhomo pa golosalepo. Si kuti sakudziwa kuti golosale ilipo. Ndipo akazungulira miyezi ingapo, njira yakuseriyo imasanduka njira yake yeniyeni, saganizanso n'komwe chimene anayambira kudzera kumeneko. Ukavomera kuti uli ndi Mlengi, wavomeranso kuti moyo wako uli ndi mwini, tsiku lina akufunsa. Mtima wa munthu zimenezo sukondwera nazo.

Koma usathamangire kukamuloza chala mnzakoyo, chifukwa ndime 21 ikundigwira ine amene, mkulu wa mpingo. Ikuti anthuwo sanamulemekeze, sanamuyamike. Mu Novembala kukatentha, mitambo n'kumangodutsa, ine ndimagwada mpaka maondo kuwawa. Mvula ikagwa ndimakwirira njere pa phando, pakapita masiku asanu kapena asanu ndi limodzi kamera kaja katuluka, kosongoka ngati singano, kali ndi kadontho ka mame kunsonga. Sindinakakoke ndine. Njere imodzi ija pofika Epulo yabala chimanga cha njere mazanamazana. Tsono pokolola mundimve: "Chaka chino feteleza ndinathira pa nthawi yake." Si bodza, ndinathiradi. Koma Uja ndinamudandaulira mu Novembala ndamuiwala. Ndiye pakati pa ine ndi mnzakoyo, iye akukana ndi pakamwa, ine ndikukana ndi nkhokwe yodzadza.

Anthu a ku Lustra anachitanso zofanana, pa Machitidwe 14. Paulo atachiritsa wopunduka, iwo anabweretsa ng'ombe kuti apereke nsembe kwa iye ndi Barnaba, kumawatcha milungu. Paulo anawaletsa, n'kuwauza kuti Mulungu sanadzisiye wopanda umboni, wakhala akuwapatsa mvula ndi zokolola, n'kumawakhutitsa. Kuona anaona ndithu, koma zikomo anakapereka pakhomo polakwika.

Za sayansi usaope. Amene akudziwa mmene injini ya chigayo imazungulira sanatsimikize kuti chigayocho chilibe mwini. Mnzakoyo aphunzire, apitirire, dziko likuwafuna anthu otere.

Komano pali china chimene sindikufuna kukubisira, poti ndiwe wamkulu tsopano. Chilengedwe sichilalikira zokoma zokhazokha. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, matope n'kukwirira nyumba ku Chilobwe anthu ali m'kati, ndipo dziko lonse tinataya anthu oposa 1,000. Mvula yomwe ija ndimaipempha ine. Mayi amene anafukula mwana wake m'matope ukamuuze kuti taonani thambo likulalikira, akuyang'ana bwanji? Paulo yemweyo pa Aroma 8 akuti chilengedwe chonse chikubuula ngati mayi amene ali pa zowawa za kubereka. Phiri ndi nyanja zimakuuza kuti kuli Wamphamvu. Koma zoti Wamphamvuyo amakudziwa dzina, zoti angakukhululukire, zoti anaikidwapo m'manda ngati ife n'kuuka, phiri silingakuuze. Zimenezo timazimva mwa Yesu basi. N'chifukwa chake Uthenga umafunika kulalikidwabe ngakhale kwa anthu amene akuliona dzuwa tsiku ndi tsiku.

Ndiye usakayambe ndi kumuwerengera mavesi ngati woweruza. Kamufunse kaye kuti anasiya liti, ndipo chinachitika n'chiyani. Ine ndakhala m'bwalo la mpingo zaka zambiri, ndipo ambiri amene ndinawamva akuti kulibe Mulungu, ukakhala nawo pansi umapeza kuti pali maliro amene sanawamvetse, kapena mkulu wa mpingo wina amene anawakhumudwitsa. Mabuku amabwera pambuyo.

Pa tchuthi cha Khirisimasi ubwere naye kuno ngati angalole. Mphasa ilipo, nkhuku tipha. Ndikufuna akandionere mbozi zimene zikumadya mtima wa chimanga changa, ntchemberezandonda zija, andiuze chifukwa chake mankhwala sakuzipha. Zinazo tikakambira komweko tikupalira.

Foni yayamba kulira, moto watha. Uwauze amayi ako kuti thumba la mtedza lija ndawasungira, atume mwana adzatenge Loweruka.